Kapitawo wa Haji Mizhir

"Ndati kachoke! M'nyumba mwanga muno chanthenga chimalowa chimodzi chokha, nkhuku, ndipo imalowera mumphika."

Achimwene anga, Haji Mizhir, anali chilili pakati pa bwalo, mikanda yopempherera ya tasibihi ili m'manja, ndevu zikunjenjemera. Mwana wawo wamkazi, Bushra, anali atanjuta pafupi ndi uvuni, atafumbata kamwana ka pumbwa kosamera bwino nthenga, kamutu kakuda, timasaya toyera, kukamwa kuli yasaa.

"Ababa, kagwa ndi chisa chomwe pamene amadula mikoko ya zipatso za tende kumunda kuja. Ndikakasiya panja, mphaka akadya."

"Mphakayo si cholengedwa cha Mulungu? Naye adye."

Ine ndinali nditangolowa ndi mbale ya therere la nyama ya nkhosa. Ndine Fakhriya, mlongo wawo wamng'ono, ndimakhala kuseri kwa khoma lomwelo, ndipo m'mudzi muno amandidziwa ndi zinthu ziwiri, mkate wanga ndi pakamwa panga. Ndinaika mbale pansi kuti manja apeze mpata wogwira m'chiuno.

"Achimwene, kambalame kosadzaza chikhatho n'kamene kakutulutsani thukuta chonchi? Anthu akamva phokosoli aziti mwalowa mbava."

"Iwe Fakhriya, usandiyambe. Ndikudziwa kumene mphepoyi ikuchokera. Lero pumbwa, mawa nkhunda, mkuja mwini nkhunda wakhala pamphasa panga akunditchula apongozi."

Bushra anagwetsa nkhope. Mwini nkhundayo ndi Nazar, amene amakonza injini za maboti ndi mapampu a madzi pamlatho paja. Ndi mnyamata wa manja abwino, wosasuta, wosamala mayi ake. Tchimo lake n'limodzi: padenga la kwawo pali nkhunda makumi anayi. Kwathu kuno munthu wa nkhunda ndi munthu wopanda mawu. Amati ndi wabodza, poti nkhunda ya mnzake ikatera kwake amalumbira kuti sanaione. Amati ndi wosuzumira akazi a eni, poti amakhalira padenga. Amati umboni wake sulandiridwa, ndipo mwana wamkazi sapatsidwa. Onena zimenezi ndimawadziwa mmodzimmodzi, ndipo ambiri mabodza awo amanenera pansi pompano, osavutika n'kukwera makwerero.

"Achimwene," ndinatero, "tiyeni tikumbutsane. Mphunzitsi uja munati ndi wamfupi. Wa kutsidya kwa mtsinje uja munati kwawo madzi ndi amchere. Mwana wa Haji Lafta munati amaseka kwambiri. Bushra ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Chimwalirireni mayi ake, zaka zisanu ndi ziwiri zathazi, ndiye wophika, ndiye wochapa, ndiye wokukumbutsani mapilitsi. Inu simukusaka mkamwini wabwino ayi. Mukungofuna mwanayu akalambire pauvuni panu."

"Tseka pakamwa pakopo!"

"Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Mnansi wotsina tsiku ndi tsiku amathothola khutulo."

Bushra anadzutsa mutu, mawu ake ali pansipansi monga mwa nthawi zonse. "Ababa, ine sindikunena za munthu aliyense. Ndikunena za kambalame. Kakangolimba mapiko kazipita."

Achimwene anagunditsa mikanda katatu, tcha, tcha, tcha. Ndi khalidwe lawo chiyambire unyamata: asanayankhule, asanapise m'thumba, ngakhale asanayetsemule, mikanda imayamba yalira katatu.

"Milungu itatu. Ikakwana, kachoke. Ndipo kasandilirire ndikamapemphera."

M'mawa mwake ndinanyamula fani yanga, yosawonongeka n'komwe, ulendo wa pamlatho. Ukalamba uli ndi ubwino umodzi, umalowa paliponse popanda wokufunsa. Nazar anaiyatsa, inazungulira bwinobwino, iye n'kundiyang'ana akumwetulira.

"Azakhali, faniyi ikudwala chiyani?"

"Ikudwala pumbwa. Kamwana, kagwa m'chisa. Timakaweta bwanji?"

Anapukuta mafuta m'manja, maso atawala ngati ndamuuza kuti mawa ndi Idi.

"Anthu akuuzani kuti mukamane chakudya tsiku lathunthu, mukadule mapiko, mukamange ulusi kumwendo. Musamvere zimenezo. Kambalame kanjala kamabweradi padzanja, koma kamatsata chakudya, osati inuyo. Tsiku limene kadzakhute simudzakaonanso."

"Nanga titani?"

"Tende wofewa, kachidutswa konga njere ya mpunga, pansonga ya chala. Masiku oyamba dzanja lizingokhala pakhomo la khola, duu, ngati nthambi. Musakathamangitse, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo musanakapatse muzichita kaphokoso kamodzimodzi nthawi zonse, kaya kaluzu, kaya kuliza chala. Kakamva n'kusuntha ngakhale phazi limodzi kubwera kwa inu, patsani pomwepo, osachedwa. Mawa muime patali pang'ono, mkuja muonjezere."

"Basi?"

"Basi. Koma munthu wake kamasankha kokha, Azakhali. Pamenepo palibe mankhwala." Anazengereza, akutembenuzatembenuza sipanala. "Ali bwanji... a Haji?"

"A Haji ali bwino kwambiri. Akuphika mokoma, ndipo dzulo anavala diresi lobiriwira."

Sipanala inagwera paphazi pake, ine n'kunyamula fani yanga.

Bushra anatsata malangizo onse. Analuka kakhola ka timitengo ta masamba a mtende, mtengo wobala tende uja, anakapachika pansi pa mpesa pabwalo, ndipo m'mamawa ndi madzulo ankaimba kaluzu, chala chili pakhomo. Koma inali nyengo yokolola, ndipo kuyambira dzuwa likatuluka mpaka pemphero la masana iye ankakhala kumunda ndi amayi ena, kusankha tende. Patatha sabata anabwera kwanga nkhope ili yakugwa.

"Azakhali, kambalame kaja kamandiyang'ana ngati ndine wokhometsa msonkho. Ndikaimba kaluzu kamangopendeketsa mutu. Ndikabwera masana ndimapeza kamimba kali ndendende, koma ine ndisanakapatse kanthu."

"Mwina angelo akukadyetsa."

"Angelowo ndiye akuipitsanso mkanjo wa Ababa. Dzulo pochapa ndapeza thumba la pachifuwa likumata, nyerere zili mbwee."

Tinayang'anana.

Lachitatu ndinakwera padenga langa kukayanika phala la tomato. Inde, nanenso ndimakwera padenga, ndipo ndimasuzumira, koma popeza ndilibe nkhunda umboni wanga ndi wolandirika. Ndinayang'ana m'bwalo la Achimwene. Munthu wamkulu uja, woti anakafika ku Maka, woti anthu akakangana malire a munda amaitana iye, anali atakhala pakampando pansi pa mpesa, khomo la khola lili lotsegula. Anayang'ana uku ndi uku. Mikanda inalira, tcha, tcha, tcha, dzanja n'kupita kuthumba. Lisanafike n'komwe, kapumbwa kanali katatera kale pabondo pawo.

"Ehee, Kapitawo, mwabwera kudzayendera ntchito? Idyani, bwana. Pang'onopang'ono, mbava iwe, chala chimenecho si tende. Koma usauze munthu, wamva? Makamaka Fakhriya, wailesi ya m'mudzi ija."

Ndinaluma mpango kuti ndisaphulike. Iwo sankadziwa kuti akuphunzitsa mbalame. Ankangochita za masiku onse, mikanda kenaka thumba, ndipo Kapitawo anali atagwira kale kuti mikanda ikalira, tende ali m'njira. Zimene Nazar anandiuza pamlatho, Achimwene ankazichita mosaphonya ngakhale chimodzi.

Kenaka anayankhula mawu amene anandithetsa kuseka.

"Aliyense amapita, Kapitawo. Mayi a Thamir anapita kumanda. Thamir, mwana wanga wamwamuna, anapita ku Baghdad, foni amaimba pa Idi pokha. Bushra akapita, muno nditsala ndi wotchi ya pakhoma."

Ndinamva chisoni, sindibisa, ndipo misozi inagwera m'phala la tomato. Ndi mlongo wanga, anandibereka kumsana ndili khanda. Koma mantha a nkhalamba si chifukwa chodyera moyo wa mwana, ndipo ndinatsika makwerero ndili wokwiya kuposa mmene ndinakwerera.

Pofika sabata yachitatu Kapitawo anali atasanduka mbalame yeniyeni, yachikasu kunsi kwa mchira, yaphokoso ngati ogulitsa nsomba. M'mawa ankauluka kudumpha khoma kupita m'mitende, koma mikanda ikangolira ankatulukira ngati waponyedwa. Tsiku lija la pangano linafika n'kudutsa mwakachetechete.

"Achimwene, milungu itatu ija sinakwane?"

"Kakadali kofooka mapiko. Kuponyera mphaka chinthu chodwala ndi tchimo."

"Mphaka uja si cholengedwa cha Mulungu?"

"Pita, mkate wako ukupserera."

Madzulo omwewo kunabwera uthenga: Lachisanu, potuluka mumzikiti, akuluakulu a kwawo kwa Nazar adzabwera kudzafunsira mbeta, motsogozedwa ndi amalume ake, a Shakir. Uku kunali kubwera koyamba ndi komaliza. Banja likabwera ndi akuluakulu ake n'kukanidwa pamaso pa anthu, silibwereranso, ndipo a Shakir anali atanena kale kuti Nazar akakanidwa akamupezera mkazi ku Zubayr mwezi usanathe.

Lachisanu m'mawa Bushra ankakazinga khofi.

"Ababa, mukawayankha chiyani?"

"Zimene bambo anga akanayankha."

"Ine simundifunsa?"

"Ndakufunsa kale kuti khofi wapsa?" Anatembenukira kwa ine. "Fakhriya, khola lija ukalitsekere m'nkhokwe ya tende, ndipo utseke chitseko. Sindifuna alendo aone zachibwana pakhomo pano."

Ndinapita nalo kunkhokwe monga anandituma. Chitseko cha nkhokwe ndinatsekadi. Za kakhomo ka khola sananene, za zenera la nkhokwe sananenenso, ndipo Mulungu ndi mboni kuti sindinaphwanye lamulo lililonse.

Anabwera amuna khumi ndi awiri, mikanjo yoyera mbee, ndi anansi athu omwe anadzakhala mbali ya Achimwene. Ine ndi Bushra tinakhala kukhitchini, pakazenera kopatsirana tiyi, pamene akazi a m'nyumba ino akhala akumvera milandu ya amuna chimangireni nyumbayi. Nazar anakhala kumapeto, pafupi ndi nsapato, maso ali pamphasa. Khofi anathiridwa. A Shakir analandira kapu yawo, sanaifikitse kukamwa, anaiika pansi patsogolo pawo, ena onse n'kuchita chimodzimodzi.

"Imwani khofi wanu, a Shakir," anatero Achimwene, monga mwa mwambo.

"Khofi wanu ndi wabwino, Haji, ndipo nyumba yanu ndi yaulemu. Koma sitimwa mpaka mutatipatsa chimene tadzera. Tikupempha mwana wanu Bushra, akhale mkazi wa mwana wathu Nazar."

Bushra anandigwira dzanja mpaka mphete inandilowa m'mnofu.

Achimwene anakonza nduwira, anatsokomola. "A Shakir, banja lanu ndimalilemekeza. Koma tisabisane, m'mudzi muno aliyense akudziwa ntchito ya mnyamatayu padenga. Makolo athu sanali opusa pamene anati munthu wa mbalame mawu ake ndi mphepo. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kumacheza ndi chanthenga, kumachitcha dzina, kumachidyetsa pamanja ngati khanda! Munthu wotero mutu wake uli bwino? Tsono yankho langa ndi ili."

Anapuma kuti mawuwo alemere. Ndipo mikanda inalira. Tcha, tcha, tcha.

Ndinamva mapiko asanaoneke. Kapitawo analowera pazenera la pamwamba, anazungulira fani kamodzi, n'kutera pansonga penipeni pa nduwira ya Haji Mizhir. Anagwedeza mchira, anayang'ana alendo onse mmodzimmodzi monga kapitawo weniweni, n'kulira mokweza.

Maso onse anatembenukira kunduwira ya Achimwene.

"Mbalame ya ndani imeneyi?" anatero Achimwene, mawu atasasa. "Fyaa! Choka!"

Anakupiza dzanja. Kapitawo anadumpha dzanjalo, anatera paphewa, anatsetsereka ndi mkanjo, n'kulowetsa mutu wonse m'thumba la pachifuwa, kunja kutangotsala mchira ndi kachikasu kaja. Anatuluka ndi chidutswa cha tende, n'kukhala pabondo pawo kumadya mosatekeseka.

"Zakutchire za masiku ano zilibe mwambo," anatero a Shakir, nkhope ili gwaa koma mapewa akugwedezeka. "Zikudziwa ndi thumba lomwe."

"Sindikuidziwa ine mbalame imeneyi."

"Ndiye tikuthandizeni, Haji," anatero Haji Lafta, mnansi wathu, bambo wa mnyamata woseka kwambiri uja. Anatambasula mkono, anatola nsapato pakhomo n'kuikweza m'mwamba.

"Usamukhudze Kapitawo!"

Achimwene anali ataimirira, manja onse awiri ataphimba kambalame pachifuwa, maso ali psuu. Mawuwo anamveka mpaka kumsewu.

Woyamba kuphulika anali Haji Lafta mwiniwake, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa kumene mwana wake anatengera. Kenaka chipinda chonse. Amuna akuluakulu ankapukuta misozi ndi nsonga za nduwira, wina anatsamwa mpaka anam'menya pamsana. Bushra anakwirira nkhope m'chifuwa mwanga, sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankalira.

"Anyani amasekana zikundu, Haji," anatero Haji Lafta akupuma movutika. "Mpaka dzina!"

"Musiyeni," anatero a Shakir. "Mbalame ikatera pauta silasika."

Mmodzi yekha sanaseke. Nazar, amene pamwambo wotere sayenera kutsegula pakamwa, anali atatukula mutu, akuyang'ana pumbwayo ndi maso a mmisiri.

"Pepani, Haji, ndiloleni ndifunse. Ndaweta mbalame kuyambira ndili mwana, koma pumbwa wobwera chonchi pakati pa anthu achilendo sindinamuonepo. Munamumana chakudya masiku angati?"

"Kumumana? Ukundiyesa wankhanza ine? Amadya pamene wafunira."

"Mapiko munadula?"

"Taona wekha, onse ali pomwepo!" Anatsegula manja monyadira, kuiwala kuti mphindi yomweyo amaikana.

"Ndiye mumamutsekera m'khola usana wonse."

"Khomo limakhala lotsegula. M'mawa amapita kumitende kwa anzake, amakacheza mmene wafunira. Sindinamumangepo ine. Amapita, koma amabwera yekha, chifukwa akudziwa kuti pano..."

Sanamalize. Anaima pakati pa chipinda, kukamwa kuli kotsegula, akumva mawu awo omwe. Kuseka kunatha. Ine ndinayesetsa, Mulungu akudziwa kuti ndinayesetsa, koma pakamwa panga sipanayambe pandimverapo. Ndinakankha kazenera.

"Mwamvatu, Achimwene? Wanena zimenezo ndinu, si wailesi ya m'mudzi."

Mawu a mkazi m'chipinda cha amuna! Tsiku lina akanandithamangitsa ndi ndodo. Koma anangotembenuka, ndipo maso awo sanaime pa ine. Anapitirira mpaka pa Bushra, amene anali kumbuyo kwanga, maso atatupa, manja akuda ndi utsi wa khofi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, monga munthu amene wapeza chinthu chimene anachiika yekha pamalo n'kuchiiwala.

"Mwana wanga," anatero, pamaso pa amuna onsewo, "ukumufuna munthu wa nkhundayu?"

"Inde, Ababa."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, Kapitawo n'kubwerera paphewa.

"A Shakir, imwani khofi wanu. Wazizira, koma imwani."

Nthungululu imene ndinaimba inadzutsa nkhunda za Nazar kumlatho, anthu amatero mpaka lero. Amuna anakweza manja kupemphera, makapu anakhuthulidwa, ndipo potuluka ndinaona Achimwene atakokera mkamwini wawo pambali. Ndinatchera khutu, ndimayesa akumuopseza za kasamalidwe ka mwana wawo. Ankafunsa ngati pumbwa amaloledwa kudya nkhaka.

Alendo atapita anabwera kukhitchini, malo amene sanapondemo chimwalirireni akazi awo. Anaima pakhomo ngati mlendo. Bushra ankatsuka makapu.

"Kwawo kwa Nazar si kutali," anatero.

"Si kutali, Ababa. Kungowoloka mlatho."

"Mlatho womwewo ena amawoloka osabwerera." Mikanda inali m'manja koma sinalire. "Ukapita, uzibwera?"

Bushra anapukuta manja pansalu. Anayenda mpaka pamene anaima bambo ake, anapisa zala ziwiri m'thumba lomata lija, anatulutsa kachidutswa ka tende kodzaza ulusi, n'kukaponya m'kamwa.

"Inu muzingoliza mikandayo, Ababa," anatero akutafuna. "Ndipo thumbali musamalichape. Ndizidzachapa ndekha Lachisanu."